Paipi Yachitatu ya Adona

Anzawo kuntchito ankawatchula kuti a Makutu, ndipo sikunali kunyoza ayi. Munthuyu ankamva mapaipi. Ena akafika pamalo potseka ankayamba n'kutsitsa makina, kulumikiza kamera, kufunsa mapu a nyumba. Iwo ankangoima pakati pa khichini, n'kupendeketsa mutu, n'kunena kuti, "Yatseka pokhota, masitepe asanu ndi atatu kuchokera pano." Akatsegula ankapeza ndi momwemo. Zaka makumi awiri ndi zinayi anali akuzungulira ndi galimoto ya kampani, lero kuhotela, mawa kufakitale ya masoseji, mkuja kumasitolo akuluakulu, kutsegula mapaipi a madzi oipa amene anthu ena atseka. Ankagona m'nyumba za alendo, ndipo kwawo ankaonekako masabata awiri aliwonse, ali ndi thumba la zovala zimene akazi awo ankalandira atatambasula mkono.

Vuto lawo linali limodzi: ntchitoyi ankaikonda, ndipo ankaikonda mokweza mawu. Munthu wina akakhala ndi ntchito yotere amaisiya panja pamodzi ndi jombo. A Makutu ankalowa nayo mpaka patebulo. Ankatha kukufotokozerani, inu mutanyamula sipuni, mmene mafuta a m'khichini amaumira m'paipi mpaka kufuna nyundo. Pa ukwati wa mlamu wawo anasowa ola lathunthu, n'kukapezeka kuseri kwa holo atagwada, khutu lili pachivundikiro chachitsulo, akumwetulira okha.

Ndiye mwana wawo wachisamba atawaimbira foni Lachinayi lina, iwo ali m'dzenje kuseri kwa fakitale ya zikopa, anayamba ndi mawu amene atsikana amayamba nawo akafuna kukuvulaza mwaulemu.

"Ababa, mukudziwa kuti ndimakukondani."

"Ndalakwanso chiyani?"

Nkhani inali yakuti mtsikanayo anali atapeza mnyamata, mnyamata wabwino ndithu, ndipo awiriwo ankafuna banja. Makolo a mnyamatayo anali ndi lesitanti yaikulu m'tauni. Bambo ake analibe vuto. Koma mayi ake, amene antchito awo ankawatchula kuti Adona, anali asanavomere. Anangoti, "Ndione kaye kumene akuchokera." Choncho anaitana makolo a mtsikana kuti adzadye nawo nkhomaliro Lamulungu, ku lesitanti komweko.

"Ndikupempha maola awiri okha, ababa. Maola awiri opanda mapaipi. Ndinawauza kuti ndinu injiniya wa zamadzi."

"Nanga si zoona?"

"Ndi zoona. Koma musawauze kuti madzi ake ndi ati. Akakana mayi aja, mwana wawo sangawapikise. Ndithu basi zithera pomwepo."

Mawu amenewo anawapweteka a Makutu, tisabise. Anayang'ana magolovesi awo, n'kukumbukira kuti manja omwewo ndi amene anaphunzitsa mwanayo mpaka kukhala munthu wolankhula bwino chonchi. Koma anamvanso kuti mawu ake akunjenjemera, ndipo mwana wako akamanjenjemera sumayamba kuwerenga zako. Analonjeza.

Lamulungu anadzuka kusanache kutauni ina, n'kuyendetsa maola anayi. Anasamba kawiri, n'kuvala suti yaimvi ya pa ukwati wa mlamu uja. Galimoto anaisiya misewu iwiri kutali ndi lesitanti, chifukwa m'mbali mwake kampani inalembamo zilembo zofiira zoti TIMATSEGULA ZOTSEKA ZONSE, n'kujambulapo chimbudzi chokhala ndi maso, chikuseka. Akazi awo anawachingamira pakona, n'kuwanunkhiza khosi, manja ndi tayi, osasamala kuti anthu akudutsa.

"Mwakhoza," anatero. "Chatsala ndi pakamwa."

Lesitantiyo inali yoti munthu ulowe mopepesa. Matebulo anali ndi nsalu zoyera, pansi kapeti yofiirira, ndipo pambali pa mbale iliyonse panali mafoloko atatu, ngati munthu ali ndi pakamwa patatu. Adona anawalandira ataima njo, tsitsi lakuda bii, milomo yopaka lipisitiki yofiira, pakhosi kaunyolo kagolide kokolekapo kiyi mmodzi. Amuna awo anali bambo wamfupi wodekha amene ntchito yake m'banjamo inaoneka kuti inali kugwedeza mutu. Mnyamata anakhala pafupi ndi chibwenzi chake, onse awiri thukuta lili kamukamu.

Mafunso anayamba supu asanafike.

"A injiniya, mumamwa?" anafunsa Adona.

"Tiyi yekha, mayi."

"Mumasuta?"

"Ayi."

"Bola. Ine fodya ndiye sindifuna ndi fungo lomwe. Mwezi watha ndachotsa woperekera zakudya chifukwa cha ndudu imodzi. Munthu wosuta ndi munthu wosadzigwira."

Amuna awo anagwedeza mutu.

Supu atafika, a Makutu anasankha sipuni yolondola, ndipo mwana wawo anapumira m'mwamba. Zonse zinali kuyenda. Kenaka kuseri kwa mphika wa maluwa, pamene panali kasinki kosambira m'manja alendo, kunamveka kamawu kakang'ono: gulu-gulu.

Palibe wina anamva. Koma a Makutu sipuni inaima m'malere. Mawu amenewo ankawadziwa kuposa mawu a akazi awo. Sinki yopanda munthu ikamalankhula yokha, ndiye kuti kunsi madzi asowa njira ndipo akukankhira mpweya kumbuyo. Anamva nsapato ya akazi awo ikuwaponda chala chachikulu, n'kupitiriza kumwa supu.

"Ndiye mwamanga madamu angati?" anafunsa Adona.

"Madamu ayi, mayi. Ine ndimakhala chakumapeto kwa madzi."

Mtsikana anatsamwa, mnyamata n'kumupatsa madzi. Adona anakwinya pamphumi pang'ono, koma anaganiza kuti mwina ndi chilankhulo cha anthu ophunzira, ndipo anayamba kufotokoza za mwana wa mchimwene wawo amene ndi dokotala wa maso.

Nkhuku yowotcha itafika, sinki inalankhulanso, ulendo uno ndi mawu okhuthala. A Makutu anawerengera mumtima: matebulo makumi awiri odzaza, m'khichini akutsuka mbale osapumira, zimbudzi za alendo zikugwira ntchito. Anaipatsa nyumbayo mphindi makumi atatu. Anayang'ana wotchi, n'kuyang'ana mwana wawo. Mwanayo anali atawaona kale kupendeketsa mutu kuja, ndipo maso ake ankapempha. Iwo anaweramira m'mbale n'kutafuna nkhukuyo ngati akutafuna katoni. Sanavutikepo chonchi chiyambire, ngakhale tsiku limene anakhala maola asanu ndi limodzi m'dzenje la fakitale ya nsomba.

Anaphonya ndi mphindi zinayi zokha. Fungo ndi limene linayamba kufika, mwakachetechete, n'kumayenda tebulo ndi tebulo, alendo n'kumayang'anana mokayikirana. Kenaka woperekera zakudya anabwera chothamanga n'kunong'oneza Adona. Adona anapepesa ndi kumwetulira kouma, n'kulowa m'khichini. Chitseko chinali chokhuthala, koma mawu awo anali okhuthala koposa.

"Mafuta! Ndinakuuzani kangati za mafuta musinki? Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi muli pano, mutu ulibe kanthu! Lero ndi lero. Mukamaliza kukolopa muvule epuloniyo, muzipita!"

Chitseko chitatseguka, a Makutu anaona mkulu wa ophika, bambo wa imvi, ataima m'madzi akuda ofika m'kakolo, ali ndi chokolopera m'manja, akulumbira kuti mafuta onse amathira m'chigubu. Madziwo anali atayamba kutulukira pansi pa chitseko, akulunjika kapeti. Mnyamata anali pa foni kufuna pulambala wawo wa masiku onse, koma foni ya pulambala Lamulungu imakhala ndi nzeru, inali yozimitsa. Banja lina linadzuka n'kutuluka, mbale zili zodzaza.

A Makutu anagwira m'mphepete mwa tebulo ndi manja onse awiri.

"Mwana wanga," anatero chapansipansi.

"Munalonjeza, ababa."

"Ndinalonjeza."

Ndipo anakhaladi. Anakhala ndwii, akuyang'ana madzi akunyambita kapeti, munthu amene ankadziwa kuti ntchito yonseyo ndi ya theka la ola. Mtsikanayo anayang'ana bambo ake, n'kuyang'ana wophika wokalamba uja akulimbana ndi nyanja ndi kachokolopera. Misozi inalengeza m'maso mwake. Ankadziwa bwino lomwe chimene akutaya.

"Pitani," anatero. "Ndipatseni jeketelo. Pitani."

Anthu amene anali mumsewu tsiku limenelo anaona bambo wazaka makumi asanu, wa tayi, akuthamanga ngati waba. Patapita mphindi zisanu galimoto inalowa chobwerera m'bwalo la kuseri kwa lesitanti, n'kuima ndendende pamene mawindo aakulu a chipinda chodyera amayang'ana. Alendo onse otsala anawerenga zilembo zofiira zija, n'kuona chimbudzi chosekacho. Adona nawonso anawerenga, milomo ikuyenda. Kenaka anatembenuka n'kuyang'ana mtsikana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Injiniya wa zamadzi," anatero.

Mtsikanayo akanatha kulowa pansi akanalowa. Anangokumbatira jekete la bambo ake.

Koma a Makutu zonsezo sanazione, chifukwa anali atafika kwawo, pa mapaipi. Anavala jombo pamwamba pa buluku la suti, tayi n'kuilowetsa m'malaya, magolovesi mpaka m'zigongono. Bwalolo linali la simenti lokhalokha, thanki yamadzi pakona, migolo ya zinyalala kukhoma, ndipo pakati panali chivundikiro chachitsulo cha dzenje loonerapo mapaipi. Anachikweza ndi ngowe ziwiri. Dzenjelo linali lodzaza mpaka pakamwa. Analumikiza ndodo zawo, imodzi pamwamba pa inzake, n'kuzitsitsa mosaona, akufufuza njira yotulukira ndi manja okha. Anapotoza, anakankha, anamvetsera. Ndodo yachitatu italowa, pansi panamveka phokoso ngati ng'ombe yameza dzungu, ndipo madzi onse anayamba kutsika. M'khichini ophika anakuwa ndi chimwemwe.

Madzi atatha, m'dzenjemo munaoneka mapaipi atatu olowa ndi imodzi yotuluka. A Makutu anaunika ndi tochi. Paipi yoyamba, yochokera chakukhichini, inali yoyera, yopanda ngakhale kachidutswa ka mafuta. Yachiwiri inalinso bwino. Koma pakamwa pa yachitatu panali chimulu chimene chinakula mpaka kudzatseka njira ya onse. Anachivuula ndi fosholo yaing'ono n'kuthira mu ndowa. Zinali tinsalu tonyowa topukutira zopakapaka kumaso, tija sitisungunuka ngakhale mutatipempha, ndipo pakati pake panali timitu ta ndudu. Osati khumi, osati makumi asanu. Mazanamazana, ta miyezi yambiri, ndipo tina tatsopano tinali tikadali ndi kufiira kwa lipisitiki kumapeto. Anavundikira ndowayo ndi thumba.

Tsopano ntchito imeneyi ili ndi lamulo lake, ndipo a Makutu sankalidumpha: paipi suiganizira kumene ikuchokera, umaifunsa. Anatenga kabotolo ka ufa wobiriwira m'galimoto. Ufa umenewu ukauthira musinki n'kutsegula madzi, umakatulukira m'dzenje, ndipo umadziwa kuti paipi iyi ndi ya chipinda chiti. Wophika anathira m'khichini, zobiriwira n'kutulukira paipi yoyamba. Mnyamata anathira kuzimbudzi za alendo, zinatulukira yachiwiri.

"Kulinso kwina kumene kuli madzi?" anafunsa a Makutu.

"Kabafa ka mu ofesi ya amayi, m'mwambamu," anayankha mnyamata. "Ndipatseni ndikathire."

"Mu ofesi mwanga simulowa munthu," anatero Adona, akugwira kaunyolo kawo. "Kiyi ndi mmodzi, ndi uyu. Ngakhale wokolopa salowamo. Bweretsani kuno."

Anatenga ufawo ndi zala ziwiri n'kukwera masitepe. Patapita kanthawi paipi yachitatu inakhosomola, n'kulavula madzi obiriwira bwino, ndi kamutu ka ndudu kamodzi kakuyandama pamwamba ngati kabwato. A Makutu anakakankhira kunsi ndi ndodo wina asanaone. Atakweza maso, anaona Adona ali pawindo la m'mwamba, akuyang'ana pansi. Sankayang'ana dzenje. Ankayang'ana ndowa, pamene mphepo inali itapinda kona ya thumba. Maso awo anakumana, ndipo a Makutu anakonza thumbalo ndi phazi.

Adona anatsika pang'onopang'ono. Pofika m'bwalomo anapeza onse asonkhana: amuna awo, mwana wawo, wophika ali ndi epuloni m'manja atavula kale, mayi a mtsikana, ndi mtsikanayo kumbuyo kwenikweni. Ndipo bambo wodekha uja, amene tsiku lonse sananene mawu opitirira atatu, anasankha nthawi imeneyo kuti alankhule.

"Ndiye chinatseka n'chiyani, a injiniya?"

Apa mpofunika muwamvetse a Makutu. Pantchito yonseyi, mphindi imene ankaikonda koposa inali imeneyi, yokhuthula ndowa pamaso pa mwini malo n'kumuuza mbiri ya nyumba yake. Anali atakhuthulira mabwana a mahotela masipuni, masokosi, mano oikirira, ngakhale foni. Zaka zonsezo sananamepo pa zimene wapeza. Komanso maso ofiira a mwana wawo ankawauza kuti mayi amene anaima patsogolo pawoyo anali atangomunyoza pamaso pa anthu, ndipo ndowa inali pomwepo, pafupi ndi jombo yawo yakumanja. Kungoikankha pang'ono, nkhani yonse ikanatha mokoma. Mtima unafuna, eee, unafuna kwambiri.

Adona anaima chilili, nkhope itasanduka phulusa pansi pa zopakapaka zija.

"Mizu," anatero a Makutu.

"Mizu?"

"Mizu ya mtengo. Imalowa polumikizira mapaipi, n'kumakula m'katimo."

Onse anayang'ana uku ndi uku. M'bwalomo munalibe ngakhale udzu. Kunja kwa mpanda kunali malo oimika magalimoto, kutsogolo kwake sitolo ya matayala.

"Koma kuno kulibe mtengo," anatero mnyamata. Anali mwana wabwino, koma wosadziwa nthawi yotseka pakamwa.

"Mizu imayenda, achimwene. Imayenda kutali kuposa ine. Ndinaipezapo ina itawoloka msewu wa tala." Thukuta linawatsika m'khosi, chifukwa bodza linali ntchito imene sanaiphunzire. "Koma akuphikawa alibe mlandu. Paipi yawo mungamweremo tiyi. Pa makhichini onse amene ndayendamo, yoyera chonchi ndaiona kawiri."

"Tione mizuyo," anatero mnyamata, akuweramira ndowa.

"Usakhudze!" Anali bambo ake. Anayang'ana ndowa, n'kuyang'ana akazi awo amene anakhala nawo chipinda chimodzi zaka makumi atatu, ndipo mphuno anali nayo ngati wina aliyense. "Unalipo mtengo. Pamene pali thankipo. Iwe unali usanabadwe."

Wophika wokalamba anatsegula pakamwa, popeza thankiyo anaiona ikumangidwa pa simenti yopanda kanthu. Kenaka anaona epuloni ili m'manja mwake, n'kukumbukira mtengowo nayenso. Anati unali waukulu kwambiri, wa maluwa achikasu.

"Valani epuloniyo," anatero Adona, mawu ali pansi. "Alendo akudikira."

Anthu anabalalika kukakolopa. A Makutu anamanga thumba la zinyalala zija n'kuliika m'galimoto, anatsuka dzenje, anabwezera chivundikiro, n'kupita pampopi wa pakhoma kukasamba m'manja. Suti inali itatha ntchito. Buluku linali ndi madontho mpaka m'chiuno, ndipo tayi inali itatuluka yokha nthawi ina n'kukalawa za m'dzenje. Mtima wawo unali wolemera. Lonjezo anali ataswa, galimoto anthu anaiona, ndipo mwana wawo anali ataima yekha pakhomo la khichini, mnyamata atatumidwa kukapepesa alendo.

Anamva nsapato zazitali kumbuyo kwawo.

"Sinali mizu," anatero Adona.

"Inali mizu, mayi."

"Musandipusitse. Ndinaona."

"Ine ndi amene ndinalowa m'dzenje. Koma mizu yamtundu umenewo imafuna kabini kokhala ndi chivundikiro, pafupi ndi sinki. Mukaika, sidzabweranso."

Adona anali mayi wozolowera kuti aliyense womuchitira chinthu amakhala ndi dzanja lina kumbuyo, ndipo ankadikira kuti dzanjalo lituluke.

"Mukufuna chiyani?"

A Makutu anatseka mpopi. Anayang'ana mwana wawo pakhomo paja, atakumbatirabe jekete, maso ali ofiira.

"Mwana wangayo ndi wabwino, koma ndi munthu. Ali ndi kamkwiyo ka mayi ake ndi pakamwa panga. Ngati mudzamulandire, tsiku lina nayenso adzatseka paipi pakhomo panu. Adzalankhula molakwa, kapena adzachita china chochititsa manyazi, anthu n'kusonkhana kufunsa kuti chachitika n'chiyani. Ine ndidzakhala ndili kutali, m'dzenje la eni ake, sindidzamva n'komwe. Tsiku limenelo, mayi, mudzanene kuti ndi mizu."

Adona anakweza chala n'kupukuta pansi pa diso mosamala, kuti zopaka zisawonongeke. Kenaka anachotsa kathaulo koyera kamene anabwera nako paphewa, n'kuwapatsa a Makutu ndi manja awiri.

"Nkhuku ija yazizira. Ndiuza atenthetse." Anatembenukira kukhomo la khichini, mawu awo akale aja atabwerera. "Mpongozi! Ukungoima bwanji pamenepo? Bweretsa jekete la bambo ako, akuzizidwa."

Mtsikanayo anayamba wacheuka kaye, kuona ngati kumbuyo kwake kuli wina.